Penti wofiira amafika denga litakwera kale

Mlamu wanga adaphunzitsa ana a eni zaka 32. Atapuma pantchito, ndalama yake sadagulire njinga yamoto ya kabaza monga adachitira anzake ambiri. Adagula poloti kunja kwa tauni, m'mbali mwa kamsewu ka fumbi, kuti amangepo mdadada wa nyumba zinayi: zitatu za lenti, imodzi yogona iye ndi mlongo wanga. Wogulitsa lidali banja lomwe lakhala likulima pamalopo chiyambire makolo. Mfumu idabwera ndi nduna zake, idayenda m'malire, idaloza chulu, mtengo wa msuku ndi chitsa cha muwanga, kenako idadinda kalata. Nkhuku idafa, anthu adadya, aliyense adabwerera kwawo.

Poti ndi mphunzitsi, adafuna kuchita zinthu mwadongosolo. Adajambulitsa pulani n'kukaipereka ku ofesi yoyenera, yomwe sinditchula dzina chifukwa nkhani yotere mungaimve m'boma lililonse la dziko lino. Adalipira, ndipo lisiti lake akulisungabe m'Baibulo. Apo ndi pomwe udayambira ulendo wa pita uko bwera kuno. "Bambo, mubwere Lachinayi, abwana ali kumsonkhano kunyanja." Lachinayi litakwana: "Komiti sidakumane, ndalama za msonkhano sizidafike." Mwezi wotsatira: "Failo yanu ikudikira oyeza malo, koma galimoto ilibe mafuta. Kaya inuyo mungaganizepo bwanji." Dzinja lidabwera n'kupita, linanso lidabwera. Uvuni wa njerwa udamera udzu. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo ndalama yomwe ikadagula simenti ndi malata a nyumba zinayi idangokwanira ziwiri.

Atatopa adayamba kumanga, monga ankachitira aliyense womuzungulira. Pokumba maziko sipadabwere munthu. Khoma litafika pazenera sipadabwere munthu. Pa linta, kuli zii. Atakhoma lata lomaliza padangopita masabata atatu, kudatulukira anyamata awiri ndi chitini cha penti wofiira, n'kujambula chimtanda pakhoma loyang'ana kumsewu. Akuti pamenepo padzadutsa msewu.

"Msewu wake uti?"

"Uli pa mapu, bambo."

"Nanga mapuwo ali kuti?"

"Ku ofesi."

Madzulo ake adandiimbira foni. "Alamu," adatero, "ku ofesiko ndapondako maulendo 14. Palibe ndi tsiku limodzi lomwe munthu adanditambasulira mapu."

Nkhani imeneyi imandibwerera nthawi zonse ndikatsika basi pa Chitipa boma n'kuona mauvuni akufuka mbali zonse za tauni. Timakonda kunena kuti chipwirikiti cha m'matauni athu chimadza chifukwa Amalawife ndife osamva, timamera paliponse ngati namsongole. Ine ndikukana. Munthu amene wasunga ndalama zaka 30 safuna kuikwirira pamalo poti mawa pagumulidwe. Chomwe chimaononga matauni athu n'choti boma limafika pomaliza. Mfumu imafika poyamba, wogula kachiwiri, mmisiri kachitatu, walenti kachinayi. Boma limatulukira anthu atapachika kale makatani, lili ndi penti m'manja. Chitipa ikadali ndi mwayi womwe Ndirande, Chinsapo ndi Masasa adataya kalekale, koma mwayiwo ukuchepa ndi uvuni uliwonse womwe ukuyatsidwa.

Tauniyi sidamere usiku umodzi ngati bowa. Njira ya Stevenson, yomwe adayamba kulambula mu 1881 kuchokera ku Karonga kuloza ku nyanja ya Tanganyika, idadutsa chigawo chino, ndipo atsamunda adamangako linga lomwe adalitcha Fort Hill. Pabwalo la ndege la Fort Hill ndi pomwe a Wenela ankanyamulira amuna opita kumigodi ya ku Joni, ndipo mu Febuluwale 1959 anthu a kuno adalitseka bwalolo pokana chitaganya. Ufulu utabwera, boma lino lidaiwalika kuseri kwa mapiri. Kwa zaka zambirimbiri mtunda wa makilomita 100 kuchokera ku Karonga unkatha tsiku lathunthu m'dzinja, munthu uli pamwamba pa lole, utakumbatira thumba la mchere. Phula lidadza Malawi atasiya ubale ndi Taiwan n'kugwirana chanza ndi China kumapeto kwa 2007, pomwe kampani ya ku China idadzamaliza msewuwo patapita zaka zingapo.

Phula limakoka anthu monga nsomba zouma zimakokera amphaka. Kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 235,000 m'boma lonse, ndipo pa boma penipeni adapezapo oposa 17,000, pomwe mu 1998 sadakwane ndi 8,000 omwe. M'zaka 20 tauni idakula koposa kawiri. Imani pamsika m'mawa, m'mphindi zisanu mumva Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chitumbuka, Chibemba ndi Chiswahili. Njinga zamoto zikulira, malole akupakira chimanga, nyemba ndi mpendadzuwa, katundu wa ku Tunduma ndi ku Nakonde akutsitsidwa m'mashopu. Wamalonda wa m'malire akapata ndalama saisiya kubanki kuti kwacha ikamudyere. Amaisandutsa njerwa. Mlimi wa khofi wa ku Misuku akagulitsa bwino amafuna kanyumba pa boma koti ana azigonamo popita kusekondale. Mphunzitsi, nesi, wapolisi ndi wa kasitomu wotumizidwa kuno, onse akusaka pogona. Anthu amenewa sangadikire komiti.

Tsono funsani funso losavuta ili: mwini dothi la m'mphepete mwa tauniyi ndani? Mulandira mayankho atatu. Banja lomwe lili pamalopo liti ndi la makolo, mboni yake ndi mfumu ya m'mudzimo pansi pa Mwaulambya. Khonsolo iti tauni ikamakula ndiyo yonena poti padutse msewu, poti pakhale msika, sukulu kapena manda. Unduna wa za Malo uti popanda lizi kalata ya mfumu ndi pepala chabe, ndipo banki igwirizana nawo. Onse atatu ali ndi chidindo. Onse atatu amalandira ndalama. Palibe amene amadikira mnzake. Onjezeranipo a Roads Authority, omwe lamulo limawasungira mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu waukulu, komanso a madzi ndi a magetsi omwe amafuna podutsitsa mapaipi ndi mapolo. Munthu mmodzi wa kapoloti kamodzi ayenera kugwada pamakomo onsewa, ena mwa iwo ali ku Mzuzu, mtunda woposa makilomita 300.

Pomwe pachuluka makomo pamabadwa dobadoba. Iyeyu amadziwa tebulo lomwe failo yagonapo, amadziwa kuti kangachepe kamadzutsa komiti yomwe idakomoka. Kuchedwa kuli ndi eni ake omwe amadyerapo, n'chifukwa chake sikutha. Mumdima womwewo ndi momwe poloti imodzi imagulitsidwira anthu awiri kapena atatu. Mnyamata ali ku Joni amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, pobwera pa Khirisimasi n'kupeza pamalo pake pali nyumba ya wina, zovala zili pachingwe. Nkhani imapita kukhoti, chiletso chimatuluka, khoma limaima pazenera zaka zisanu. Akuluakulu amati mlandu suola, koma matabwa a denga amaola, ndipo chiswe sichiwerenga chiletso.

Chopweteka n'choti malamulo abwino tili nawo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idavomereza malamulo atsopano a malo, kuphatikizapo Land Act, Customary Land Act ndi Physical Planning Act, ndipo ena adakonzedwanso mu 2022. Lamulo la mapulani, lomwe lidalowa m'malo mwa lija la 1988, lidati dziko lonse la Malawi tsopano liyenera kuyendera pulani, kutanthauza kuti Kameme, Wenya ndi Misuku akuwerengedwa chimodzimodzi ndi Area 47. Lamulo la malo a makolo lidakhazikitsa komiti ya malo kwa gulupu aliyense, gulupuyo kukhala wapampando pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi eni mudzi, osachepera atatu mwa iwo amayi. Lidakhazikitsanso mabwalo oweruza milandu ya malo kuyambira kwa mfumu yaikulu kukafika pa boma, kuti nkhani ya malire isamathamangire kwa loya. Lidapatsa banja mwayi wolembetsa munda wake n'kulandira chikalata cha umwini.

Papepala palibe chosowa. Koma lamulo lilibe miyendo. Limayenda ndi miyendo ya saveya, ya mlembi wa malo, ya woyendera zomanga. Ntchito yolembetsa malo a makolo idayamba moyesera m'madera ochepa a maboma ngati Rumphi, Kasungu ndi Phalombe, pomwe matauni onse a dziko lino akukula tsiku ndi tsiku osadikira kuti kuyesako kuthe. Kulamula kuti aliyense womanga akhale ndi chilolezo, koma osaika wopereka chilolezocho pafupi ndi anthu, n'kusandutsa mtundu wonse kukhala wophwanya lamulo. Ndipo aliyense akakhala wolakwa, wa penti amadzisankhira yekha khoma loti alembe. Kawirikawiri sasankha khoma la munthu wa galimoto.

Ndikulidziwa yankho lomwe lichokere m'maofesi: ndalama palibe. N'zoona kuti makhonsolo a m'maboma amadalira ziphaso za pamsika ndi zomwe a ku Capital Hill akumbukira kutumiza. N'zoonanso kuti mphamvu ku anthu, yomwe tidalonjezedwa ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, yayenda ngati nanzikambe, moti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala. Koma tiyeni tiwerengetsere. Kutsegula msewu m'munda wa chimanga kumafuna saveya, chingwe, zikhomo ndi chipukuta misozi cha mbewu ndi mitengo. Kutsegula msewu womwewo patatha zaka khumi kumafuna kulipira nyumba za njerwa zootcha, malata, mipanda, zimbudzi, maloya, ndiponso apolisi operekeza katapila. Amene akuti alibe ndalama ya zikhomo lero akutiuza kuti adzakhala ndi ndalama ya nyumba mawa. Tonse tikudziwa kuti sadzakhala nayo, ndipo msewuwo sudzatsegulidwa. Padzatsala kanjira koti ambulansi singalowemo, wodwala n'kumatuluka pawilibala, bokosi n'kumatuluka pamapewa.

Ndipo ndalamayo sikuti kulibe. Thumba la CDF lidakwera kufika K100 miliyoni padera lililonse mu 2022, kenako K200 miliyoni mu 2024. Kodi mudamvapo phungu akudzitama pamsonkhano kuti wayezetsa misewu ya tauni ndi kusungitsa malo a sukulu ya mawa? Simudamve, chifukwa pabikoni palibe amadula riboni. Mlatho wa matabwa umaoneka pachithunzi, mjigo umalembedwa dzina. Bikoni imakhala phee m'udzu, phindu lake n'kudzaoneka mwini wake atagwa kale pachisankho. Andale athu amabzala chinangwa choti adye okha, mtengo wa mbawa amausiyira wina.

Boma limatha kutsogola likafuna. Nthawi ya Bingu wa Mutharika, Nthalire idasankhidwa pamodzi ndi Nambuma ndi Neno kukhala malo oyamba a chitukuko cha matauni a kumidzi. Kumeneko pulani idayamba, zomanga zidatsatira: msika, depoti, holo, kamsewu ka phula. Chomwe chidatsalira ndi msewu wolumikiza, wa Rumphi kudzera ku Nyika mpaka ku Chitipa, womwe wakhala nyimbo ya kampeni chisankho chilichonse. Choncho m'boma limodzi tili ndi maphunziro awiri. Ku Nthalire tidakonza tauni n'kuiwala msewu wobweretsa anthu. Pa boma tidamanga msewu wobweretsa anthu, ndipo tsopano tiyenera kuthamanga kuti tauni isawapeze ali kale m'nyumba. Masomphenya a Malawi 2063 adaika kukula kwa matauni ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu, ndipo mwa matauni asanu ndi atatu omwe adasankhidwa kuyambirira muli Karonga, Nkhata Bay, Kasungu ndi ena. Chitipa mulibe. Tikakhala pansi kudikira kuti dzina lathu lidzatuluke pamndandanda wachiwiri, tidzapeza palibenso choti n'kukonza.

Tauni ikamakula mopanda mwini, choyamba kudyedwa ndi malo a tonse. Bwalo la mpira limachepa chaka ndi chaka, dambo limasanduka mapoloti, manda amapanikizidwa ndi mipanda, malo a sukulu amatsala pomwe pali makalasi pokha. Okonda mpira akukumbukira kuti Chitipa United itakwera mu ligi yaikulu, kwa zaka zingapo masewero ake a pakhomo inkakasewerera ku Karonga. Bwalo likhoza kumangidwa chaka china ndalama zikapezeka. Malo ake akagawidwa, ndiye kuti madzi atayika, saoleka.

Mafumu sindiwasiya kumbuyo. Alipo ena omwe asandutsa chidindo kukhala golosale, amachitira umboni poloti imodzi kawiri, amagawa dambo ndi njira ya kumanda, podziwa kuti mlandu ukadzabuka ndi iwo omwe adzaweruze n'kulandiranso mbuzi. Amenewo lamulo liwakhudze monga limakhudzira wakuba aliyense. Koma amene akuganiza kuti tauni ingakonzedwe pokankhira mfumu kunja sadakhalepo pamudzi. Mfumu ndiyo imadziwa kuti malire a banja ili adathera pachulu chiti, kuti mayi wamasiye uyu adasiyiridwa munda uti, kuti pansi pa mtengo uwo padagona anthu. Mfumu imaopanso chinthu chomveka: kuti malire a tauni akafutukuka, anthu ake adzasanduka alendo pamalo pomwe adabadwira, n'kupatsidwa chipukuta misozi chosagula ngakhale khomo la nyumba. N'chifukwa chake mabanja amathamangira kugulitsa boma lisadafike. Akuthawa kulandidwa. Muwatsimikizire kuti pamunda wawo ukayezedwa adzatsala ndi mapoloti awoawo okhala ndi zikalata, omwe mtengo wake udzaposa wa munda wonse, muone ngati sadzagwira okha chingwe cha saveya.

Ifenso ogula tili ndi mbali yathu. Timakonda poloti yotchipa ya madzulo, yopanda mafunso. Timamanga mpanda mpaka m'ngalande kuti tipate mita imodzi, mvula ikabwera n'kumatukwana khonsolo. Timakumba chimbudzi pafupi ndi chitsime cha mnzathu. Safunsa adadya phula. Koma wofunsa ayenera kupeza womuyankha, ndipo mlamu wanga adafunsa maulendo 14.

Tsono pali nkhani yatsopano yomwe ikuchititsa kuti zonsezi zikhale zachangu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la Sectional Titles. Mwachidule, lamuloli likulola kuti nyumba imodzi yosanjikizana ikhale ndi eni ambiri, aliyense ndi chikalata cha fulati yake, pomwe masitepe, denga, bwalo ndi thanki ya madzi zikhala za onse ndipo onse azisonkherana pozisamalira. Ku South Africa adayamba zimenezi mu 1971, a ku Tanzania kutsidya kwa Songwe adakhazikitsa lawo mu 2008. Ife tafika mochedwa, komabe tafika.

Wina aseka: mafulati ku Chitipa? Asekeretu. Taganizani aphunzitsi ndi manesi asanu ndi atatu, aliyense ali mu SACCO, palibe ndi mmodzi yemwe amene angathe kugula poloti pafupi ndi chipatala, kukokera madzi, kukokera magetsi ndi kumanga payekha. Pamodzi angathe kuimika nyumba ya nsanjika ziwiri papoloti imodzi, paipi imodzi ya madzi, polo imodzi ya magetsi, dzenje limodzi la zonyansa, aliyense n'kukhala ndi chikalata choti angakongolere kubanki kapena kusiyira ana. Mutu umodzi susenza denga. Tauni yokwera m'mwamba pang'ono imasiya minda ikhale minda, ndipo boma lomwe limadyetsa ena ndi chimanga chake lisamasewere ndi dothi lolima. Imachepetsanso mtunda wa mapaipi ndi misewu yomwe khonsolo ikuti ilibe ndalama yomangira.

Koma simungasanje nyumba zisanu ndi zitatu pamwamba pa mkangano. Chikalata cha fulati chimabadwa kuchokera ku chikalata cha poloti, cha poloti chimabadwa kuchokera kwa saveya, saveya amayendera pulani ya tauni. Pansi pakakhala kalata ya mfumu yomwe wina akuitsutsa, ndiye kuti mtanda wofiira umodzi ugwetsa mabanja asanu ndi atatu nthawi imodzi. Palibe banki yomwe ingaike ndalama pamenepo, palibe womanga wanzeru amene angadikire chilolezo madzinja awiri simenti akukwera mtengo. Lamulo latsopanoli lidzathera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, pakati pa omwe ali nazo kale, ife n'kumangolimva pawailesi.

Palinso za chitetezo. Aliyense wa kumpoto kuno akukumbukira zivomerezi zomwe zidagwedeza Karonga mu Disembala 2009 n'kugwetsa nyumba zambirimbiri. Tili m'chigawo chomwe nthaka imagwedezeka. Nyumba yosanjikizana imafuna woyendera amene amabwera maziko akukumbidwa, amene amaona zitsulo konkire asadathiridwe, amene amadziwa kuti simenti wachepa. Woyendera wobwera denga litakwera alibe chomwe angaone, kupatula khoma loti ajambulepo.

Komwe njira imeneyi imathera takuona. Lilongwe idajambulidwa bwinobwino isadakhale likulu mu 1975, koma lero anthu oposa theka la mzindawo amakhala m'madera omwe adamera okha ngati Mtandire, Mgona ndi Kauma, chifukwa ogawa mapoloti adalephera kuyenda liwiro la anthu. Ku Blantyre anthu adakwera phiri la Soche nyumba ndi nyumba, akuluakulu akuyang'ana, mpaka namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adatsitsa matope ndi miyala pa Chilobwe n'kukwirira mabanja athunthu. Kwa anansi athu ku Zambia, mu Ogasiti 2022, akatapila adagwetsa nyumba mazana pamalo a bwalo la ndege la Kasompe ku Chingola, eni ake akulira kuti malowo adachita kugula. Konseku nyimbo ndi imodzi: chete pogawa, chete pomanga, mkokomo pogumula. Ndipo wolira amakhala yemwe uja adagulitsa ng'ombe kuti agule malata, pomwe wogawa malowo ali kunyumba kwake akumwa tiyi.

Ndiye tichite chiyani? Sindikupempha zozizwitsa.

Choyamba, mapu atuluke m'kabati. Pulani ya tauni ikhomedwe pakhoma la khonsolo, pamsika, padepoti ndi pabwalo la mfumu, yaikulu yoti nkhalamba iwerenge popanda magalasi, ndipo ifotokozedwe pawailesi ndi m'matchalitchi m'zilankhulo zomwe anthu a kuno amayankhula. Pulani yomwe imadziwika ndi anthu atatu a mu ofesi ndi katundu wogulitsa.

Chachiwiri, misewu ikhomedwe pansi lero, ngakhale ndalama yolambulira isadapezeke. Mabikoni a konkire ndi mizere ya mitengo zionetse poti msewu udzadutse, poti ndi pasukulu, poti ndi padambo. Khonsolo, mafumu ndi makomiti a malo ayende limodzi pokhoma, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Munthu akamanga kudumpha bikoni yomwe adaiona ndi maso, pamenepo penti ali ndi chifukwa.

Chachitatu, lisiti lililonse la pulani lilembedwe tsiku lomwe yankho lidzatuluke ndi dzina la woyankha. Tsikulo likapyola, wofunsidwa akhale wa mu ofesi, ndipo khansala awerenge mndandanda wa mafailo ogona pamsonkhano wa khonsolo. Ngati wophunzira amadulidwa malikisi akachedwetsa ntchito, bwanji ofesi?

Chachinayi, nkhani ya malo a ku Chitipa izithera ku Chitipa. Saveya, wa mapulani ndi wolembetsa malo azipezeka pakhomo limodzi pa boma, ali ndi njinga yamoto ndi mafuta a boma. Mayi wa ku Ifumbo asamagulitse mbuzi kuti akagone ku Mzuzu podikira siginecha.

Chachisanu, pogumula tiziyamba ndi wogawa. Nyumba ikapezeka pamalo olakwika, funso loyamba likhale loti adadinda ndani, adalandira ndalama ndani, adaona maziko n'kukhala chete ndani. Tsiku lomwe mmodzi wa amenewa adzabweze ndalama kuchokera m'thumba mwake, mapoloti a m'dambo adzasiya kugulitsidwa sabata yomweyo.

Abwana a m'maofesi, aphungu, makhansala ndi inu mafumu athu, m'mera mpoyamba. Tauni yaing'ono ngati iyi munthu angaizungulire wapansi tsiku limodzi, n'kudziwa munda uliwonse ndi mwini wake. Ikadzafika anthu 50,000 mudzafuna akatswiri ochokera kunja, ngongole ya World Bank ndi apolisi a zishango kuti muchite zomwe lero zikufuna chingwe ndi nyundo.

Mlamu wanga akukhalabe m'nyumba ija. Walenti mmodzi adalowa, amalipira mochotsera chifukwa cha mtanda uja. Msewu sudabwere, katapila sadabwere, yankho la pulani silidabwere. Pentiyo wayamba kufwifwa ndi dzuwa, koma khoma limenelo salipaka pulasitala, ndipo mbande za mango zomwe mlongo wanga adafesa zikadali m'machubu kuseri kwa khitchini, mizu yatulukira kunsi. Akuti adzazibzala akadzadziwa pomwe pali pake. Anyamata awiri aja, msewu womwewo, mapu omwewo, akadabwera madzinja awiri m'mbuyomo atanyamula zikhomo, mlamu akadangosuntha maziko mamita asanu, ndipo chaka chino tikadadya mango.